Masewera Osowa ndi Mlandu wa Mphwanga

Akulu-akulu anati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Mwambi umenewu ndinaumva kawiri-kawiri ndiri wamng'ono, koma tanthauzo lache ndinalidziwa bwino pa tchuthi cha Pasaka cha 2024, pamene umbombo wanga unadzaza makina a amalume, ndipo ine, m'malo movomera kulakwa kwanga, ndinasenzetsa mlandu mwana wosalakwa. Ndalemba nkhaniyi m'magazini yathu kuti anzanga amene ali ndi makina otere adziwe chochita masewera akasowa, ndiponso kuti ena asagwe m'dzenje limene ndinagwamo ine.

Pa Khrisimasi ya 2023 amalume anga, amene amagwira nchito ku Johannesburg, anabwera kudzationa. Mwa katundu wao munali kabokosi kakang'ono kakuda, ndipo ife ana tinayesa kuti ndi sopo. Amalume anaseka, natiuza kuti imeneyo ndi kompyuta yochedwa Raspberry Pi. Makina amenewa anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012 ku Britain, ndipo amene anawakonza anafuna kuti ana a sukulu aphunzire nawo nchito za kompyuta pa mtengo wochepa. Ya amalumeyo inali Raspberry Pi 3, mtundu umene unatuluka mu 2016, ndipo m'litali ndi m'lifupi mwache ikufanana ndi chiphaso cha unzika. Zonse zimene imadziwa zimakhala m'kakhadi kochedwa microSD, kochepa ngati chikhadabo. Kakhadi kameneka ndiko nkhokwe ya makinawo. Kakadzala kapena kuonongeka, makina onse amasokonezeka.

M'kakhadimo amalume anaikamo RetroPie, ndiwo mtolo wa mapulogalamu amene nchito yao ndi kutsanzira makina akale a masewera. Monga m'mene mnyamata wa Fomu 2 amavalira mkanjo pa sewero la sukulu nalankhula ngati mfumu, momwemonso kakompyuta aka kamadziyesa Nintendo ya 1985, kapena Sega Mega Drive ya 1988, kapena PlayStation ya 1994, ndipo masewera akale amathamanga osadziwa kuti ali m'nyumba yachilendo. Pulogalamu yoonetsa maina a masewera pa wailesi ya kanema dzina lache ndi EmulationStation, ndipo ina yochedwa RetroArch ndiyo imayendetsa ambiri a masewerawo.

Amalume anali atakonza zonse mwaudongo. Sewero liri lonse linali ndi chithunzi chache, chaka chimene linatuluka, ndi mau ofotokoza. Koma mwa onsewo, limene analikonda kopambana linali Final Fantasy VII, sewero la PlayStation la 1997, limene liri pa zimbale zitatu. Anatiuza kuti ali mnyamata sanathe kulimaliza, ndipo tsopano anali atasewera madzulo ambiri akaweruka ku nchito, nafika pa chimbale chachitatu. Pa tsiku lobwerera anandiitana pambali nati, "Mphwanga, makinawa ndakusiyira iwe popeza ndiwe wamkulu. Sewerani ndi mng'ono wako, koma sewero langali musalikhudze, ndidzalimaliza ndikadzabwera." Ine ndinawomba m'manja ndi kulonjeza kuti ndidzasunga zonse monga m'mene anazisiyira.

Miyezi itatu inapita popanda chobvuta. Ine ndi mphwanga, amene ali mu Sitandade 5, tinali kusewera Loweruka liri lonse tikatha kutunga madzi ndi kusesa pabwalo. Iye anakonda Sonic the Hedgehog, ine ndinakonda Crash Bandicoot, ndipo ndinali nditafika patali ndithu. Koma tsiku lina mnzanga wina anandionetsa fulashi yache m'mene munali masewera a PlayStation asanu ndi atatu amene ife tinalibe. Mtima wanga unadumpha. Ndinakumbukira kuti pa kakhadi ka amalume panalembedwa 64 GB, ndipo ndinati mumtima, "Nkhokwe yaikulu chotere singadzale ndi ngala zisanu ndi zitatu."

Apa ndipamene ndinasokera, chifukwa sindinadziwe kusiyana kwa kulemera kwa masewera. Super Mario Bros. ya 1985 imangodya malo okwana 40 KB, ndipo Sonic the Hedgehog ya 1991 imadya 512 KB. Koma chimbale chimodzi cha PlayStation chikhoza kufika pafupi-fupi 700 MB. Popeza 1 MB iri ngati 1,000 KB, chimbale chimodzi chodzala chimadya malo amene mungakhale Super Mario koposa ka 15,000. Ine ndinali kuwerenga maina a masewera, osawerenga kulemera kwao, monga munthu woyesa thumba la chimanga ndi kathumba ka mchere kuti nzofanana popeza zonse ndi matumba.

Njira yoikira masewera ndinaidziwa kale. Munthu amapanga foda yochedwa retropie m'fulashi, naibaya pa makinawo kuti akonzemo mafoda ache. Akatero amaika masewera m'mafodamo, naibayanso, ndipo makinawo amakopera okha. Ndinachita chomwecho mobisa, amai ali ku msika. Nditayatsanso makina, masewera atsopanowo sanaoneke. Ndinaganiza kuti kapena maina ao ndi atali, tsono ndinawasintha maina onse pa kompyuta ya mnzangayo ndi kubayanso fulashi. Sanaonekenso. Sindinadziwe kuti pochita ichi ndinali kuika sewero liri lonse kawiri, ndi kuti makinawo samanena kanthu pa kanema kukopera kukalephereka. Ndinangonyanyala, ndi kubweza fulashi kwa mwini wache osauza munthu.

Madzulo a tsiku lomwelo ine ndinasewera Crash Bandicoot, ndipo pambuyo panga mphwanga anasewera Sonic. Ndinamuona akudina-dina mabatani m'ndandanda wa masewera asanazime makina, koma sindinalabadire. M'mawa mwache titayatsa, tinaona zodabwitsa. Nintendo inalipo, Game Boy inalipo, koma Mega Drive ndi PlayStation zinali zitasoweratu, osatsala ngakhale dzina. Ndinazima ndi kuyatsanso katatu, koma sizinabwere. Pamenepo thukuta linandituluka, popeza ndinakumbukira chimbale chachitatu cha amalume ndi lonjezo langa lija.

Anzanga, chimene ndinachita pamenepa ndiri nacho manyazi kufikira lero. Mumtima mwanga munali kamau kondikumbutsa za fulashi ija, koma ine ndinakatsekera kunja. Ndinatembenukira mphwanga ndi kumkalipira kuti, "Ndiwe wafufuta masewera a amalume! Ndinakuona dzulo ukudina-dina!" Iye anati, "Iai achimwene, ine ndimangofuna pozimira." Sindinamvere. Ndinammenya khofi, ndipo amai atabwera ndinawauza kuti mwanayo waononga katundu wa mlongo wao. Amai anakhulupirira ine popeza ndine wamkulu, namletsa kukhudzanso makinawo, namuuzanso kuti amalume akadzabwera adzayankha yekha. Kwa masabata awiri mphwanga sanandilankhule. Pa nsima anali kukhala chondifulatira, ndipo usiku ndinali kumumva akusisima pa mphasa yache. Ine tulo sindinalione bwino, koma kunyada kunanditseka pakamwa.

Sukulu itatsegulidwa ndinakumbukira kuti safunsa anadya phula. Ndinakulunga kabokosiko m'nsalu ndi kupita nako kwa aphunzitsi athu a kompyuta. Iwo anamvetsera nkhani yanga mofatsa, nandifunsa, "Kodi chinthu chotsiriza chimene unasintha makinawa asanayambe kubvuta nchiani?" Ndinayamba kunena za mphwanga, koma iwo anati, "Sindinafunse amene anakhudza potsiriza; ndafunsa chimene chinasintha." Pamenepo ndinaweramitsa mutu ndi kuulula za fulashi. Aphunzitsi sanandikalipire. Anangoti, "Kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni tiwafunse makinawo eni ache."

Analumikiza kiyibodi, nadina batani la F4. Zithunzi zonse zinachoka, ndipo panatsala mdima ndi malemba oyera. Anandiuza kuti ndilembe df -h, ndilo lamulo lofunsa makina malo amene atsala m'nkhokwe. Yankho linabwera pomwepo: kukula 15G, malo otsala 0, odzala 100%. Ine ndinati, "Koma aphunzitsi, pa kakhadipo palembedwa 64 GB!" Iwo anandilembetsa lamulo lina, lsblk, ndipo linaonetsa kuti kakhadi konse kali ndi malo oposa pang'ono 59G, koma chigawo chimene makinawo anali kugwiritsa nchito sichinapitirire 15G.

Aphunzitsi anamasulira zinthu ziwiri. Choyamba, kakhadi ka 64 GB kamaoneka ngati 59 chifukwa opanga makhadi amawerenga m'ma 1,000 pamene kompyuta imawerenga m'ma 1,024. Pamenepa palibe chinyengo. Chachiwiri, anati chionetsa kuti amalume poyamba anali ndi kakhadi ka 16 GB, ndipo pogula kakakulu anakopera kakale kaja konse monga momwe kanaliri, pamodzi ndi malire ache. Kunali ngati munthu wamanga nkhokwe yaikulu, koma mkati mwache waikamo dengu, ndipo chimanga chonse akuthira m'dengumo. Dengu litadzala, iye akulira kuti nkhokwe yadzala, chikhalirecho malo ambiri ali pululu.

Ine ndinafuna kuti tifutukule chigawocho msanga, koma aphunzitsi anandigwira dzanja nati, "Usanakonze kanthu, yamba wapulumutsa chimene sungachipezenso kwina." Tinalowa m'foda ya roms, m'mene RetroPie imasunga masewera, foda iri yonse ndi mtundu wache: nes, snes, megadrive, psx ndi ena. Titalemba ls -l m'foda ya psx, ndinaona maina onse a masewera a amalume ali chikhalire. Palibe ngakhale limodzi limene linafufutidwa. M'foda ya megadrive namonso Sonic anali momwemo. Miyendo yanga inalefuka, pakuti pamenepo ndinadziwa kopanda chikaiko kuti mwana uja ndinammenya popanda chifukwa.

Tinafunafuna mafayilo othera ndi .srm, m'mene mumasungidwa pamene wosewera wafika. Pa masewera a PlayStation fayilo yotere imakhala ya 128 KB, monga momwe kanaliri kakhadi kosungira ka PlayStation yeni-yeni. Ya Final Fantasy VII inali yathunthu, 128 KB, popeza sewerolo sitinalitsegule. Koma ya Crash Bandicoot inaonetsa 0. Pa tsiku lija, potuluka m'sewerolo, makina anatsegula fayiloyo kuti alembe zatsopano, nataya zakale, koma posowa malo sanalembemo kanthu. Ulendo wanga wonse wa miyezi itatu unathera pomwepo. Sindinadandaule kwambiri, popeza ndinaona kuti chilangocho chagwera mwini mlandu. Tinakopera mafayilo onse a amalume m'kompyuta ya sukulu, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Tsono ndinafunsa kuti, "Ngati masewera alipo, nanga bwanji sakuoneka?" Aphunzitsi anandionetsa fayilo yochedwa gamelist.xml. Mtundu uli wonse wa makina uli ndi yache, ndipo iri ngati kaundula wa kalasi: mumalembedwa dzina la sewero, chithunzi chache, ndi kangati laseweredwa. EmulationStation imalembanso kaundulayu potseka, ngati mwasintha kanthu. Pa tsiku lija tinasewera Mega Drive ndi PlayStation zokha, chotero akaundula awiri amenewa ndiwo analembedwanso, ndipo onse awiri anatsala opanda kanthu monga fayilo yanga ija. A Nintendo ndi Game Boy anapulumuka chifukwa sitinawakhudze.

Koma panalinso chinthu china. M'makonzedwe a EmulationStation, pa Other Settings, pali mzere wakuti Parse Gamelists Only, ndipo amalume anautsegula kuti makina aziyaka msanga. Ukatsegulidwa, pulogalamuyo siyang'ananso m'mafoda. Imangoitana maina amene ali m'kaundula. Tonse tikudziwa chimene chimachitika kwa wophunzira amene ali m'kalasi koma dzina lache mulibe m'kaundula: amawerengedwa kuti sanabwere. Ichi ndicho chifukwa chache masewera a mnzanga aja sanaoneke kuyambira pachiyambi. Ndipo popeza EmulationStation imabisa mtundu uli wonse umene ulibe sewero ngakhale limodzi, akaundula awiri aja atafufutika, Mega Drive ndi PlayStation zinasowa pamodzi ndi maina ao.

Kukonza kwache kunatsata ndondomeko. Poyamba tinalemba du -sh * m'foda ya roms kuti tione foda yodya malo ambiri, ndipo psx inaposa ena onse pamodzi. Tinachotsa masewera onse obwerezedwa ndi ena amene anakopedwa theka. Titapeza mpata, tinalemba sudo raspi-config, ndi kusankha Expand Filesystem, ndipo makina atayakanso df -h inaonetsa 58G. Aphunzitsi anandichenjeza kuti m'misika mumapezeka makhadi achinyengo, olembedwa nambala yaikulu pamene mkati ndi ochepa, ndipo amadya mafayilo mwakachetechete. Chotero anayesa kakhadi kathu ndi pulogalamu yochedwa F3, imene imadzaza malo otsala ndi kuwawerenganso, ndipo kanapezeka kuti nkoona. Potsiriza tinachotsa akaundula opanda kanthu aja, ndi kutseka Parse Gamelists Only. Titayatsanso, Mega Drive ndi PlayStation zinabwerera, ndipo ine ndinatsala pang'ono kubvina m'chipinda cha kompyuta.

Ngakhale zinatero, masewera awiri a mnzanga aja sanaonekebe, ndipo aphunzitsi anati ndipeze ndekha chifukwa chache. Ananditsegulira fayilo ya es_systems.cfg, m'mene mwalembedwa mathero a maina a mafayilo amene mtundu uli wonse umalandira. Nditawerenga mosamala ndinapeza kuti loyamba linali lomangidwa m'mtolo wothera ndi .rar, umene mulibe m'ndandandamo. Lachiwiri linali ndi fayilo ya .bin yokha, popanda inzache ya .cue. Sewero la pa chimbale kawiri-kawiri limayenda ndi mafayilo awiriwa: ya .bin ndiyo katundu, ya .cue ndi kakalata kakang'ono kofotokoza m'mene katunduyo wayalidwira, ndipo RetroPie imaonetsa ya .cue. Ndinaphunziranso kuti zimbale zikhoza kupanikizidwa kukhala mafayilo a .chd ndi pulogalamu ya chdman, kuti zidye malo ochepa.

Ndikukondwera ndi nzeru zanga zatsopano, aphunzitsi anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere: "Kodi masewera a mnzakowa, zimbale zache ziri kuti?" Ndinati sindidziwa. Iwo anati masewera ali ndi eni ache amene anawalemba, monga momwe buku liri ndi mlembi wache, ndipo kukopa chinthu chimene sunagule si khalidwe loti wophunzira azolowere. Anandikumbutsanso kuti makinawo si anga, ndi kuti mwini wache sanandilole kuonjezamo kanthu. Ndinachotsa onse asanu ndi atatu ndi dzanja langa. Chotero nditabvutika masiku onsewo, ndinatsala ndi masewera omwe aja amene ndinali nawo poyamba, kuchotsapo ulendo wanga wa Crash Bandicoot. Zithunzi ndi mau ofotokoza amene amalume anakonza pa mitundu iwiri ija zinali zitasowanso m'ndandanda, ndipo zinanditengera Loweruka katatu kuti ndizibwezere.

Koma nchito yobvuta koposa inali kundidikira kunyumba. Madzulo amenewo, titatha kudya, ndinagwada pamaso pa amai ndi kuwauza zonse, kuyambira fulashi kufikira bodza langa. Amai anakhala chete nthawi yaitali, ndipo pambuyo pache anati, "Wolakwiridwa si ine. Lankhula ndi mng'ono wako." Ndinatembenukira mphwanga ndi kunena, "Pepa, ndinakunamizira. Iwe sunafufute kanthu." Iye anandiyang'ana nati, "Achimwene, ine ndinakuuzani." Mau atatu amenewa anandipweteka koposa ndodo. Amai nawonso anampepesa, nalamula kuti kwa mwezi wathunthu mphwanga ndiye asunge zowongolera masewera, ndipo ine ndizipempha kwa iye ndikafuna kusewera. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo panapita masiku angapo asanayambe kuseka nane monga kale. Koma Loweruka lina anandiitana yekha kuti ndidzaone m'mene amapitira pa malo ena obvuta a Sonic, ndipo ndinadziwa kuti wandikhululukira.

Amalume ndinawauza pa lamya Lamulungu lotsatira. Anayamba afunsa za mphwanga, ndipo za chimbale chao chachitatu anafunsa pambuyo. Anabvomera kuti anaiwala kufutukula chigawo chija, koma anati kuiwala kwao sikuchotsa kulakwa kwanga, popeza ndikadawafunsa poyamba, zonsezi sizikadachitika. Pa Khrisimasi ya 2024 anabweranso, namaliza sewero lao ife tonse tikuonerera, mphwanga atakhala pambali pao.

Tsono anzanga, amene muli ndi makina otere, sungani malangizo awa. Masewera akasowa musafulumire kunena kuti afufutidwa. Yambani mwayang'ana m'mafoda ngati alimo. Funsani makina malo amene atsala musanaonjezemo kanthu, ndipo musakhulupirire nambala yolembedwa kunja kwa kakhadi. Koperani mafayilo a .srm pamalo ena kawiri-kawiri, popeza sewero likhoza kupezekanso koma ulendo wa wosewera subwerera. Zimani makina potsata njira yache, osangozula chingwe cha magetsi, chifukwa kakhadi kamaonongeka kakadukizidwa kali pakati polemba. Ndipo chinthu chikaonongeka m'nyumba, musanaloze chala mwana wamng'ono amene sangathe kudziteteza, yambani mwadzifunsa funso la aphunzitsi anga lija, lakuti nchiani chinasintha, ndipo anachisintha ndani.

Wophunzira wa Fomu 3